Liwu Lomwe a Laimoni Sanafunse

Ndinafika ku Neno mu 2012, nditangomaliza maphunziro a za mano. Ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha kumunsi, mbali ya ku Shire, kumene dzuwa limayamba kuwotcha ana asanalowe m'kalasi. M'chipinda cha mano ndinapezamo mpando umodzi, ndowa ziwiri, ndi bambo wina wamtali, wochepa thupi, atavala yunifolomu yobiriwira yomwe inali itatuwa m'mawondo. Anandilandira chikwama n'kundiuza kuti iwo ndi a Laimoni, ndipo ntchito yawo ndi kukolopa, kuwiritsa zitsulo ndi kuitana odwala. Msinkhu wawo unali wa bambo anga ondibala, koma kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti adokotala, ine n'kumati bambo Laimoni. Tinagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi zinayi.

A Laimoni anabadwira ku Matope, m'banja la asodzi. Sukulu ankaikonda, koma analekezera fomu 2, chaka chomwe bambo awo anafa ziwalo mbali imodzi, bwato n'kutsala pagombe. Analitenga iwo bwatolo, napalasa zaka zisanu ndi chimodzi kuti azing'ono awo asagone ndi njala. Atamva kuti kuchipatala kukufunika munthu wotchetcha udzu, anayenda wapansi kukapempha ntchitoyo. Ankandiuza kuti udzu wa pansi pa mawindo ankautchetcha mochedwa dala, kuti amve zomwe anamwino ndi madokotala akukambirana m'katimo. Mawu achilendo ankawasunga m'mutu mpaka tsiku lomwe adzamve tanthauzo lake. Patapita zaka akuluakulu anawalowetsa m'kati n'kuwapatsa chokolopera.

Kumudzi kwa akazi awo, komwe ankakhala pachikamwini, anthu anawapatsa dzina loti a Dikishonale. Madokotala timalemba mothamanga, m'Chingerezi chodulidwadulidwa, ndipo wodwala amatuluka ndi mapiritsi m'manja osadziwa bwinobwino kuti wapezeka ndi chiyani. Ndiye Lamulungu lililonse, anthu akaweruka ku tchalitchi, ankafika pakhonde pa a Laimoni ndi mabuku awo a kuchipatala. Iwo ankavala magalasi, n'kutsegula tsamba, n'kumuuza munthu kuti apa akuti magazi ndi ochepa, apa akuti shuga wakwera, apa akuti mubwerenso pakatha milungu iwiri. Sankalipiritsa. Wina akabwera ndi mazira kapena chinangwa, ankalandira akazi awo.

Sabata yanga yoyamba isanathe, anadikira kuti odwala athe, natseka chitseko, n'kundifunsa kuti timawu tomwe ndimalemba pambali pa chithunzi cha dzino timatanthauzanji. Ndinawauza kuti dzino lachibwano lili ndi mbali zisanu, ndipo mbali iliyonse ili ndi dzina lake. Bakolo ndi mbali yoyang'ana kutsaya, lingwo ndi yoyang'ana kulilime, okuluzo ndi pamwamba potafunira. Ziwiri zotsalazo, mezio ndi disito, ndi zomwe zimagundana ndi mano anzake, ina chakutsogolo, ina chakumbuyo. Anamvetsera akuyendetsa lilime m'kamwa mwawo, kufufuza mbali iliyonse. M'mawa mwake anali atazipatsa kale mayina awoawo: kutsaya, kulilime, pamphero, kwa mnansi wakutsogolo ndi kwa mnansi wakumbuyo.

Tsiku lomwelo kunabwera mayi wina wogulitsa mandasi yemwe ankakana kuti dzino lake ndi lobooka, poti akayang'ana pagalasi sankaona chilichonse. Ine ndinalongosola mpaka mawu kunditheratu. A Laimoni anangoti, “Mayi, dzino lanu labooka kwa mnansi wakumbuyo, komwe diso silifika, mswachi nawonso sufika.” Mayiyo anatsegula pakamwa, tinamata dzinolo. Mpaka lero ndimagwiritsa ntchito mawu awowo, ndipo ophunzira omwe amabwera kudzazolowera ntchito amaganiza kuti ndi anga.

Chinthu chimodzi ndinachiona msanga. Mafunso awo ankafunsa chitseko chili chotseka, ndipo ankafunsa ine ndekha, mwina poti ndinali mwana komanso mlendo. Pagulu sindinawamvepo akunena kuti ichi sindichidziwa. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi khalidwe la akuluakulu ambiri, sindinaliganizire kwambiri.

Akazi awo, a Maness, anali mayi wamfupi, wamphamvu, wosachedwa kuseka. Anali ndi dimba m'mbali mwa Shire, momwe ankalima tomato ndi mpiru n'kumakagulitsa pa Zalewa. Madzi othirira ankatunga pathamanda lina lomwe mtsinje umasiya ukaphwa, ndipo pomwepo ndi pomwe ankachapa. Tsiku lonse miyendo yawo inkakhala m'madzi amenewo, kuyambira ali mtsikana. Ine ankanditenga ngati mwana wawo. A Laimoni akamabwera kuntchito, pakaliyala ya njinga pankakhala kajumbo ka tomato, akuti kapatseni adokotala anu asamangodya soya. Mwana anali naye mmodzi, Tisungeni, yemwe ankasoka zovala ku Blantyre. Awiri oyamba anamwalira ali makhanda.

Mu 2018 mimba ya a Maness inayamba kukula, thupi lonse likuchepa. Mbali ya kumanzere, pansi pa nthiti, panali polimba. Iwo ankati ndi kapamba wa malungo, adzaphwa yekha. M'mawa wina, ali kudimba, anasanza magazi. Anzawo anawanyamula mpaka pamsewu, ndipo tsiku lomwelo anawatumiza ku chipatala chachikulu. Zinangochitika kuti sabata imeneyo ine ndinali komweko kumaphunziro. A Laimoni anandiimbira foni, ndipo ndinali nawo m'chipinda pamene dokotala ankafotokoza zomwe anapeza atajambula m'mimba.

Dokotalayo anali mnyamata wodekha. Anati chiwindi chauma, chadzaza zipsera. Kenaka anapempha buku la kuchipatala. A Maness anali ndi mabuku atatu osokedwa pamodzi ndi ulusi, chifukwa a Laimoni ankaphunzitsa aliyense kuti buku likatha osataya. Dokotala anatsegula masamba chobwerera m'mbuyo mpaka anaima pa tsamba lina la 2006. Analoza liwu lina ndi cholembera, n'kufunsa ngati a Maness anamwa mankhwala a likodzo omwe analembedwa pamenepo.

A Maness anayang'ana amuna awo. A Laimoni anayankha mwaulemu kuti mayiwa sanadwalepo likodzo, sanakodzepo magazi ngakhale tsiku limodzi.

Dokotala anati likodzo lili mitundu iwiri. Yonse ndi tinyongolotsi tating'ono tomwe timakulira m'nkhono za m'madzi odekha, n'kulowa mwa munthu kudzera pakhungu. Mtundu womwe aliyense amaudziwa umakhala m'mitsempha ya chikhodzodzo, ndiwo umatulutsa magazi mumkodzo. Winawo, wotchedwa mansoni, umakhala m'mitsempha ya matumbo, ndipo mkodzo umakhala woyera bwinobwino. Mazira ake amatengedwa ndi magazi kupita kuchiwindi, n'kukatsakamira kumeneko. Chaka ndi chaka chiwindi chimachita zipsera, magazi amalephera kudutsa, kapamba amatupa, mitsempha ya kummero imafufuma mpaka kuphulika. Nyongolotsizo tingaziphe lero lomwe, anatero, koma zipserazo sizichoka.

Liwu lomwe analoza lija linali lomwelo, mansoni.

A Laimoni anathokoza dokotala, nakonza nsalu yomwe a Maness anafunda, n'kutuluka. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, atakhala pa njerwa, magalasi ali m'manja. Ndinakhala pambali pawo. Atayamba kulankhula sanandiyang'ane.

Anati mu 2006 a Maness ankadwaladwala m'mimba, nthawi zina kuchita chimbudzi cha magazi. Atapita kukacheza kwa achemwali awo kutauni, anakayezetsa ku chipatala china kumeneko. Mzere wolandirira mankhwala unali wautali, galimoto yobwerera kumudzi inali pafupi kunyamuka, ndiye anangoti mankhwalawo akawapezera amuna awo. Anafika Lamulungu masana, pakhonde pali anthu asanu ndi awiri ndi mabuku awo. A Maness anapereka lawo pomwepo, mwina monyadira. A Laimoni anawerenga, n'kupeza liwu lomwe anali asanalimvepo. Dzina la mankhwala linali lolembedwa mokhwatchakhwatcha, silinkawerengeka. Anthu onse aja ankadikira. Iwo anaona kuti kwayezedwa chimbudzi, n'kunena kuti ndi njoka za m'mimba basi. A Maness anati namwino wa kumeneko anatchulapo za likodzo. A Laimoni anaseka, n'kufunsa ngati anakodzapo magazi. Atati ayi, iwo anati ndiye simunamve bwino, likodzo ndimalidziwa ine, ndinadwalapo ndili mnyamata. Anthu nawonso anaseka. M'mawa mwake anabweretsa mapiritsi a njoka wamba. Patapita milungu ingapo m'mimba munaleka mokha, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

“Labu inali mbali ina ya khoma lomwe ndinkakolopa,” anatero. “Masitepe khumi, adokotala. Ndikanangopita ndi bukulo n'kufunsa. Ndinaganizapo Lolemba lakelo. Koma ndinaopa kuti mnyamata wa mu labu akauza anzake kuti a Dikishonale alephera kuwerenga buku la akazi awo.”

Ndinawauza zomwe ndinkadziwa, ndipo sindinanene pongowatonthoza. Ndinati ngakhale a Maness akanamwa mankhwalawo, akanabwereranso m'thamanda lomwelo, tizilombo n'kulowanso. Ndinati mwina chiwindicho chinali chitayamba kale kuwonongeka. Iwo anapukusa mutu. Anati akanadziwa dzina la matendawo, akanawamwetsa chaka chilichonse, akanawaletsa thamanda lija, akanachita chilichonse. Zaka khumi ndi ziwiri zimenezo, anatero, anazitaya iwo. 

Ndinawalangiza kuti asawauze kaye a Maness, adikire kuti apeze mphamvu. Sanandimvere. Madzulo a tsiku lomwelo, nthawi yoona odwala, anagwada pambali pa bedi, wodi yonse ikuona. Ine ndinali kumiyendo kwa bedi nditanyamula fulasiki. Anawauza zonse, kuti liwu lija sanalidziwe, kuti anangopeka, kuti namwino uja ankanena zoona.

A Maness anawamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, “Abambo a Tisu, dzukani, anthu akuyang'ana. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti simunalidziwe. Munavula magalasi n'kuwapukuta kawiri. Inu mukadziwa chinthu simupukuta magalasi.”

A Laimoni anafunsa kuti nanga bwanji sananene.

“Pagulu paja? Kenaka m'mimba munaleka, ndinati zatha. Ngati pali wolakwa, tilipo awiri. Khalani pampando.”

Anakhala pampando. Ine ndinatuluka, fulasiki ili m'manja.

A Maness anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Anamwa mankhwala a likodzo, komanso ena oti azimwa tsiku lililonse kuti mitsempha ya kummero isaphulikenso. A Laimoni anatenga tchuthi chawo chonse n'kukumba chitsime kuseri kwa nyumba, okha, ndi khasu ndi chitsulo chokumbira. Achimwene a a Maness, a Herbert, ankabwera kudzakoka ndowa za dothi. Madzi anawapeza patatha milungu isanu. Kudimba kuja anawaletsa, ndipo a Maness anadzala tomato wawo pafupi ndi chitsimecho, mizere inayi yokha. Ankadandaula kuti dothi la pakhomo ndi louma, tomato wake sakoma. Kajumbo kanga sikanasiye kubwera, ngakhale nthawi zina munkakhala atatu okha.

Kuntchito a Laimoni anasintha. Ankakolopa, kuwiritsa zitsulo, kuitana odwala, koma wodwala akawasonyeza buku ankamubwezera kwa yemwe walemba. Pakhonde paja anthu anayamba kuchepa. Ena ankati a Dikishonale ayamba kunyada, ena ankati maso awo afooka. Iwo sanafotokozere aliyense. Kawiri konse mimba ya a Maness inadzaza madzi mpaka kulephera kupuma, ndipo ankapita nawo kukachotsetsa. Akabwerera, a Laimoni ankandiuza kuchuluka kwa madziwo, mtundu wake, zomwe dokotala wanena, liwu ndi liwu, ngati akuopa kuti limodzi lingawagwere panjira.

Mu February 2021, mvula itagwa masiku atatu osakata, a Maness anasanzanso magazi akusankha nyemba pakhonde. Anali masana, a Laimoni ali kuntchito. Foni itabwera, anasiya zitsulo zikuwira n'kuthamangira ambulansi. Msewu wa kumudzi unali matope okhaokha, ndipo anthu anachita kuwanyamula a Maness pa chitseko kudzakumana ndi galimoto. Anafika nawo pachipatala chathu akupumabe. Tinayesetsa zomwe tikanatha, ngakhale ine wa mano ndinagwira botolo la diripi, koma magazi omwe anataya anali ambiri. Anamwalira tikukonzekera kuwakweza kuti apite ku chipatala chachikulu. A Laimoni anali atagwira phazi lawo. Anawatseka maso okha, kenaka anapita kukazimitsa moto wa zitsulo zija, n'kubwerera kudzakhala pansi pakhomo la wodi.

Maliro atatha, abale a a Maness anakhala pansi kukambirana za mkamwini wawo. A Herbert anati munthu amene wasamala mlongo wathu chonchi sitingamuuze kuti abwerere kwawo. Nyumba ndi ya Tisungeni, koma bambo ake akhale momwemo mpaka Mulungu adzawaitane. Anthu anayamikira. A Laimoni anandiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo anawawawa kuposa akanawathamangitsa. Chaka chomwecho anapuma pantchito.

Tisungeni sankadziwa kanthu. A Maness anali atawaletsa kumuuza, akuti mwana alibe nazo ntchito. A Laimoni anasunga mawuwo chaka chimodzi, kenaka analephera. Tisungeni atabwera pa Isitala, anamupatsa mabuku atatu aja, namutsegulira tsambalo, n'kumuuza monga anandiuzira ine, osachotsapo kanthu. Akuti Tisungeni sanalire. Anafunsa funso limodzi, ngati anthu asanu ndi awiri aja analidi ofunika kuposa mayi ake. Kenaka analowetsa mabukuwo m'chikwama, ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi.

Patapita masiku anandiimbira foni. Tinkadziwana pang'ono, anandisokerapo madiresi awiri. Anandifunsa ngati mayi ake akanakhala moyo akanamwa mankhwalawo mu 2006. Ndinamuuza kuti n'kutheka, komanso n'kutheka kuti ayi, ndipo palibe dokotala amene angamuuze motsimikiza. Ndinayamba kumuuza za chitsime, za zaka zitatu zija, za mawu a mayi ake m'wodi. Anandidula mwaulemu, akuti zimenezo akuzidziwa. Ana ake awiri, omwe ankasamba pathamanda lija akabwera kutchuthi, anapita nawo kukayezetsa. Wamkulu anapezeka nalo likodzo lomwelo, anamwa mankhwala, ali bwino. Nkhani imeneyi a Laimoni anaimvera kwa a Herbert.

Kuchokera pamenepo Tisungeni ankatumiza shuga ndi sopo kudzera kwa amalume ake, koma iye osabwera. Bambo ake akaimba foni ankayankha, moni n'kutha, kenaka n'kunena kuti ali ndi kasitomala. Ine ndinkapita kukawaona mwezi uliwonse. Ndinkawapeza akupalira mizere inayi ija, kapena atangokhala. Sanamunenepo zoipa mwana wawo. Ankati wakwiya ndi chifukwa, ndipo mkwiyo wa chifukwa suthamangitsidwa.

Chaka chatha, mu September, anamanga chiliza cha a Maness, ndipo anandiitana. Tisungeni anabwera m'mawa wa tsiku lomwelo, yekha. Anagwada n'kupereka moni kwa bambo ake monga mwa mwambo, iwo anayankha, n'kufunsa za adzukulu. Kumanda anaima mbali ya azimayi, iwo mbali ya azibambo. Abusa atamaliza pemphero, Tisungeni anagwira simenti ya chilizacho nthawi yaitali, ndipo ndi pamene ndinamuona akulira. A Laimoni anasuntha phazi ngati akupita komweko, koma anaima.

Anthu atadya, Tisungeni anatsanzika kuti mawa ali ndi zovala za ukwati zoti amalize. A Herbert anamupempha kuti agone, iye anakana. A Laimoni analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete, n'kunyamula chikwama chake. Sanawakanize. Ine ndinkapitanso kumsewu, ndiye ndinawatsatira chapatali. Ulendowo ndi wa pafupifupi ola limodzi. Bambo anali patsogolo ndi chikwama paphewa, mwana pambuyo, ndipo sindinaone aliyense akutembenukira mnzake.

Minibasi itaima, a Laimoni anapereka chikwama kwa kondakitala. Tisungeni anakwera, nakhala pawindo. Galimoto ili pafupi kunyamuka, anatsegula windolo n'kunena kuti, “Ababa, jekete imeneyo yang'ambika pamkono. Mudzapatse amalume, ndidzasoka.”

A Laimoni anati chabwino. Minibasi inapita. Anaima pamenepo mpaka inakhota, kenaka anayang'ana mkono wa jeketeyo, nagwira pong'ambikapo. Ndinawafunsa ngati ndiwaperekeze. Anati ayi adokotala, kwada, pitani, ndipo anabwerera okha njira ya kumudzi.